Malipiro Akwere, Koma Khomo la Ntchito Yoyamba Lisapapatizidwe

Pa 1 Januwale 2024 malipiro ochepetsetsa amene lamulo limalola m'dziko muno la Zambia anakwera. Wantchito wa m'nyumba, amene kuyambira mu 2018 ankayenera kulandira K993.60 pamwezi, anauzidwa kuti tsopano azilandira K1,300, ndipo wogwira ntchito wamba pamodzi ndi wa m'sitolo wa pa mlingo wotsikitsitsa anachoka pa K1,698.60 n'kufika pa K2,313.10. Nduna ya Zantchito, Mayi Brenda Tambatamba, italengeza zimenezi chakumapeto kwa 2023, mkangano umene unabuka unali womwe uja timaumva nthawi zonse malipiro akasinthidwa. A mbali ya apantchito ankati ndalamazo n'zoperewerabe poyerekeza ndi mtengo wa ufa, lendi ndi basi, pamene a mbali ya olemba ntchito ankati mabizinesi ang'onoang'ono alemedwa nazo ndipo ena achepetsa anthu.

M'mkangano wonsewo sindinamve wina akulankhulira mnyamata wa zaka 17 amene amakankha wilibala pakati pa msika wa Soweto ndi City Market mu Lusaka, kapena mtsikana wa zaka 18 amene analemba mayeso a Giredi 12 ndipo tsopano amakhala m'kabuthu ka mobile money ku Chawama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia tilimo anthu oposa 19 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la anthu amenewa sanakwanitse zaka 18. Chaka chilichonse chikwimbi cha achinyamata chimatuluka m'sukulu n'kuyamba kugogoda pa zitseko za olemba ntchito, choncho lamulo lililonse lokhudza mtengo wa ntchito ya munthu limawakhudza iwowa, ngakhale kuti alibe mpando pa tebulo pamene boma, mabungwe a apantchito ndi olemba ntchito amakambirana.

Maganizo anga ndi akuti malipiro ochepetsetsa ayenera kukwera, ndipo ayenera kukwera kawirikawiri kuposa mmene maboma athu akhala akuchitira. Komabe amene amanena kuti kukweza kumeneku sikuwakhudza achinyamata akudzinamiza, monganso amadzinamizira amene amati kumawathetsera ntchito onse. Muno mu Lusaka wachinyamata kawirikawiri sachotsedwa ntchito chifukwa cha lamulo la malipiro, pakuti ntchito yolembedwa analibe n'kale. Chimene chimachitika n'chakuti khomo lolowera ku ntchito yolembedwa, limene linali lopapatiza kale, limapapatizidwanso, ndipo iye amatsalira panja pamene lamulo silifika.

Mtsutso wa malipiro ndi ntchito za achinyamata unakulira ku America, ndipo ndi bwino kuufotokoza wonse chifukwa anthu athu ophunzira amakonda kutolako mbali yokhayo imene yawakomera. Kwa zaka zambiri akatswiri a zachuma ankagwirizana kuti mtengo wa chinthu ukakwera ogula amachepa, ndipo kuti thukuta la munthu nalonso lili ndi mtengo wake pamsika. Ankayang'ana kwambiri achinyamata chifukwa iwo ndiwo amakhala pansi penipeni pa makwerero a malipiro, alibe luso lililonse lodziwika, ndipo wolemba ntchito akafuna kuchepetsa ndalama zotuluka amayambira pa iwo. Mu 1982 Charles Brown, Curtis Gilroy ndi Andrew Kohen, atasanthula kafukufuku amene analipo nthawi imeneyo, ananena kuti malipiro ochepetsetsa akakwera ndi 10 peresenti, ntchito za achinyamata zimachepa ndi pakati pa 1 ndi 3 peresenti. Kwa zaka pafupifupi khumi mawu amenewa ankatengedwa ngati nkhani yatha.

Kenaka mu Epulo 1992 chigawo cha New Jersey chinakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa madola 4.25 kufika pa madola 5.05 pa ola, pamene chigawo choyandikana nacho cha Pennsylvania sichinasinthe kanthu. David Card ndi Alan Krueger anaona kuti mpata wapezeka woyerekeza malo awiri ofanana, ndipo anafufuza malo odyera okwana 410 mbali zonse ziwiri za malire, monga a Burger King ndi KFC, lamulo lisanayambe kugwira ntchito ndiponso litayamba. Zimene anasindikiza mu 1994 zinadzidzimutsa ambiri, chifukwa sanapeze umboni woti ntchito zinachepa ku New Jersey. David Neumark ndi William Wascher anatsutsa, ndipo atagwiritsa ntchito mabuku a malipiro a malo odyera a m'dera lomwelo anati ntchito zinachepa ndithu. Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021, koma mtsutsowo sunazime. Mu 2019 akatswiri anayi, mmodzi mwa iwo Arindrajit Dube, anasanthula maulendo 138 amene zigawo za America zinakweza malipiro ndipo anapeza kuti chiwerengero cha ntchito za malipiro otsika sichinasinthe kwenikweni. Chaka chomwecho ofesi yowerengera ndalama ya nyumba ya malamulo ya dzikolo inayerekeza kuti kukweza malipiro mpaka madola 15 pa ola kukanakweza ndalama za anthu 17 miliyoni, koma kukanathetsanso ntchito pafupifupi 1.3 miliyoni.

Kuti malipiro akwere koma ntchito osachepa si matsenga. Joan Robinson anafotokoza kale mu 1933 kuti pamene olemba ntchito ali ochepa ndipo ofuna ntchito ali ambiri komanso alibe kwina kothawira, wolemba ntchito amatha kulipira ndalama zochepa kuposa phindu limene wantchito amamubweretsera. Pamalo otero lamulo likakweza malipiro pang'ono, bwana amangodya phindu locheperapo, kapena amakweza mitengo pang'ono, ndipo nthawi zina amapindulanso chifukwa antchito amaleka kuthawathawa ndipo iye saononga nthawi kuphunzitsa atsopano mwezi ndi mwezi. Koma mpata umenewu uli ndi malire ake, ndipo malipiro akadumpha kupitirira malirewo, zimene ankanena akatswiri akale aja zimayamba kuoneka.

Umboni umene umandigwira mtima kwambiri pa nkhani ya achinyamata ndi wa ku Denmark. Kumeneko mapangano a mabungwe a apantchito ndi olemba ntchito amalola kuti wosakwana zaka 18 azilandira malipiro otsika, ndipo tsiku limene wakwanitsa zaka 18 malipiro ake amadumpha ndi pafupifupi 40 peresenti. Claus Kreiner, Daniel Reck ndi Peer Skov atatsata mabuku a boma anapeza kuti pa msinkhu womwewo chiwerengero cha achinyamata olembedwa ntchito chimagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Munthu ndi yemweyo, luso ndi lomwelo, chasintha ndi mtengo wokha, ndipo wolemba ntchito wayankha. Aliyense wonena kuti mabwana sawerengera mtengo wa wachinyamata ayenera kuyamba wafotokoza zimenezi.

Kufupi ndi kwathu, ku South Africa, phunziro lake ndi la mbali ziwiri. Dzikolo litakhazikitsa malipiro ochepetsetsa a antchito a m'nyumba mu 2002, Taryn Dinkelman ndi Vimal Ranchhod anapeza kuti malipiro anakwera ndithu popanda kuchepa kwa ntchito koonekera, ngakhale kuti boma silinkayendera nyumba ndi nyumba. Koma lamulo lofanana litafika m'mafamu mu 2003, Haroon Bhorat ndi anzake anapeza kuti ntchito zinachepa. Banja lolemera la ku Johannesburg limatha kuwonjezera ndalama za wantchito mmodzi osamva kupweteka, pamene mlimi amene amagulitsa zipatso zake pa mtengo woikidwa ndi msika wa kunja alibe kokankhira ndalama zowonjezerazo. Chomwe ndimatolapo pa zonsezi n'chakuti funso loti malipiro ochepetsetsa ndi abwino kapena oipa n'losathandiza. Zofunika kufunsa ndi kukula kwa kudumphako, mphamvu za amene akulipira, ndiponso kumene amapita munthu amene sanalembedwe.

Funso lomalizali ndilo limasiyanitsa Lusaka ndi New Jersey. Wachinyamata wa ku America amene sanapeze ntchito pa malo odyera nthawi zambiri amabwerera kunyumba ya makolo kumene chakudya chilipo, ndipo owerengera amamulemba kuti sali pantchito. Wathu sangakhale pansi, chifukwa ku Kanyama, ku Misisi kapena ku Chibolya kukhala pansi ndi kugona ndi njala. Kafukufuku wa apantchito wa ZamStats, bungwe la boma losonkhanitsa ziwerengero, wakhala akuonetsa kuti pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse ogwira ntchito m'dziko muno ali pa ntchito zosalembedwa, zopanda kontirakiti, zopanda penshoni ya NAPSA, zopanda tchuthi. Pakati pa achinyamata osakwana zaka 20 aliyense woyenda m'tauni muno amaona yekha kuti ambiri ali kumeneko. Amatsuka magalimoto m'mbali mwa msewu, amaumba mabuloko ku Kalingalinga, amaitanira anthu m'mabasi ngati angwangwazi, amayala salaula, amagulitsira azakhali awo pa kantemba, ndipo ena amaphwanya miyala ndi nyundo. Palibe mmodzi mwa amenewa amene K2,313.10 inamufikira m'thumba pa 1 Januwale 2024.

Tiyerekeze mwini sitolo ya zipangizo zomangira ku Kamwala kapena mumsewu wa Lumumba, munthu womvera lamulo, amene ali ndi antchito anayi a pa mlingo wotsikitsitsa. Aliyense wa iwo anayenera kuwonjezeredwa K614.50 pamwezi, ndipo kwa anthu anayi zimenezi zikukwana K2,458, ndalama zoposa malipiro a munthu mmodzi wathunthu. Pamwamba pake pali 5 peresenti imene bwana amapereka ku NAPSA ndi 1 peresenti ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, ndipo ngati antchitowo ali pa kontirakiti ya nthawi yoikika, lamulo la zantchito la 2019 limafuna kuti pakutha pake alandire ndalama yothokozera yosachepera 25 peresenti ya malipiro awo oyambira. Munthu wotere kawirikawiri sachotsa aliyense, chifukwa anayiwo amawadziwa, amadziwa pamene pali misomali ndi pamene pali penti, ndipo ena wakhala nawo zaka zambiri. Chimene amachita ndi kusiya maganizo olemba wachisanu. Wachisanuyo ndiye anali mnyamata wongotuluka kumene ku sukulu, amene akanayamba ndi kusesa ndi kunyamula simenti n'kumaphunzira malonda pang'onopang'ono. Ntchito yake sinathe, inangolephera kubadwa, ndipo palibe nyuzipepala imene ingalembe za ntchito imene sinakhalepo.

Ngakhale tsiku limene bwanayu adzafune munthu wina, masamu ake adzakhala atasintha. Malamulo athu a malipiro sasiyanitsa misinkhu, choncho wa zaka 18 amene sanagwirepo ntchito ndi wa zaka 28 amene wagwirapo m'masitolo atatu ali pa mtengo umodzi. Pa mzere wa ofunsira ntchito mu Lusaka lero pamaima ngakhale anthu a madipuloma, ndipo palibe wamalonda wanzeru zake amene angasankhe wosadziwa kanthu pamene wodziwa akupezeka pa mtengo womwewo. Tisaiwalenso kuti kukweza kwa 2024 kunagwera m'chaka cha chilala, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale, ndipo madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Ometa tsitsi, owotcherera zitsulo, ophika buledi ndi a zigayo, amene ndiwo amakonda kutenga achinyamata, ankalimbana ndi mtengo wa dizilo wa majenereta, ndipo sinali nthawi yoganiza zowonjezera munthu.

Wachisanu uja akakanidwa amapita ku ganyu, ndipo kumeneko amapeza anzake ambiri amene anakanidwa iye asanafike. Onyamula katundu akachuluka pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, mtengo wonyamulira chikwama umatsika, chifukwa amene wakana K5 amaona mnzake akuilandira. Motero lamulo limene linalembedwa kuti liteteze osauka likhoza kukweza ndalama za amene ali kale mkati n'kutsitsa za amene ali panja, ndipo amene ali panja ndiwo aang'ono ndi osauka kwambiri. Kunena chilungamo, palinso mphamvu ina imene imakokera mbali inayo. Ofufuza ku Brazil anaona kuti malipiro a boma amakhala ngati nyali imene ngakhale a ntchito zosalembedwa amayang'anako pokambirana mtengo, ndipo muno timazionanso. Mayi wofunsira ntchito ya m'nyumba ku Woodlands kapena ku Kabulonga lero amatha kutchula K1,300 molimba mtima chifukwa anaimva pa wailesi. Koma kuti munthu atchule nambala ya boma pamaso pa madamu amafunika kukhala wamkulu, wodziwa tauni, ndiponso wokhala ndi kwina kogona akakanidwa.

Apa ndi pamene pali chilonda chimene ambiri a ife sitifuna kuchikhudza, chifukwa chili m'nyumba zathu zomwe. Mtengo wa wantchito wa m'nyumba ukakwera, mabanja ambiri a ndalama zapakatikati ku Chilenje, ku Matero kapena ku Mtendere salemba munthu wamkulu. Amatumiza uthenga kumudzi, ku Katete, ku Petauke kapena ku Chadiza, kuti awapezere kamtsikana. Kamtsikanako kakafika sikatchedwa wantchito, kamatchedwa mwana wa achibale amene tikumusunga, ndipo malipiro ake ndi nsima, zovala za salaula ndi lonjezo la sukulu limene nthawi zambiri silikwaniritsidwa. Lamulo la zantchito la 2019 likunena momveka kuti mwana wosakwana zaka 15 asalembedwe ntchito, kupatula ntchito zopepuka kuyambira zaka 13 zimene sizisokoneza sukulu kapena thanzi lake, ndiponso kuti wosakwana zaka 18 asagwire ntchito zoopsa. Koma woyendera zantchito salowa kuseri kwa mpanda wa nyumba ya munthu, ndipo tonse timadziwa zimenezo. Mu ziwerengero mtsikana ameneyu akhoza kuoneka ngati umboni woti ntchito za achinyamata sizinachepe, pamene zoona zake n'zakuti wamkulu wolipidwa walowedwa m'malo ndi mwana wosalipidwa.

N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti kuchuluka kwa achinyamata ogwira ntchito ndiko muyeso woyenera pa dziko ngati lathu. Kuyambira mu Januwale 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka Giredi 12, ndipo mwana wa zaka 15 amene wasiya kugulitsa mazira owiritsa pa siteshoni n'kubwerera m'kalasi sanataye kanthu, ngakhale kuti owerengera adzati ntchito imodzi yachepa. Amene ndikuwadera nkhawa ndi a zaka 17, 18 ndi 19, amene amaliza sukulu kapena alekezera pa Giredi 9, amene malo a ku koleji sanawapeze kapena ndalama zake palibe, ndipo akuyenera kuyamba moyo. Zaka zimenezi ndizo munthu amaphunzira kufika pa nthawi yake, kusunga ndalama za wina osazigwira, kulankhula ndi kasitomala wokwiya, ndi kumvera wamkulu wa pantchito amene si kholo lake. Amene wazitaya akuyendayenda amafika zaka 25 alibe chilichonse choonetsa.

Pali cholakwa chimodzi chimene boma likhoza kukonza popanda kuononga ndalama, ndicho kachitidwe kathu kokweza malipiro. Mu Julayi 2012, pa nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, Nduna Fackson Shamenda inakweza malipiro a antchito a m'nyumba kuchoka pa K250,000 kufika pa K522,400 m'ndalama zakale (K522.40 m'ndalama za lero), kuwirikiza kawiri ndi kupitirira. Kenaka panadutsa zaka zisanu ndi chimodzi osasintha kanthu mpaka mu Seputembala 2018, pamene Nduna Joyce Nonde-Simukoko inawafikitsa pa K993.60, kudumpha kwa pafupifupi 90 peresenti. Panadutsanso zaka zoposa zisanu kuti tifike pa K1,300. M'zaka zodikirazo mitengo sinadikire, pakuti kumayambiriro kwa 2016 kukwera kwa mitengo kunapitirira 20 peresenti pachaka, ndipo pakati pa 2021 kunafika pa 24.6 peresenti. Wantchito amasauka mwakachetechete chaka ndi chaka, kenaka tsiku limodzi boma limadzuka n'kuika mtolo wonse wa zaka zisanu pamutu pa wolemba ntchito. Kafukufuku wambiri uja wa kunja akuloza pa mfundo imodzi, yakuti kukweza pang'ono mabizinesi amakumeza, pamene kudumpha kwakukulu ndiko kumatseka zitseko. Ife tinasankha njira imene imapweteka mbali zonse ziwiri. Dziko la Britain, limene linayamba malipiro ochepetsetsa a dziko lonse mu 1999, limawaunikanso chaka chilichonse kudzera m'bungwe loima palokha lotchedwa Low Pay Commission, ndipo wamalonda amadziwiratu miyezi ingapo kuti akonze mitengo yake.

Amene angatenge mawu angawa ngati chifukwa chosiyira malipiro pamene ali andimve bwino. Bungwe la JCTR, limene mwezi uliwonse limawerengera ndalama zimene banja la anthu asanu limafunika kuti lipeze chakudya ndi zofunika zina mu Lusaka, linapeza kuti mu 2024 ndalamazo zinapitirira K10,000. Wolandira K2,313.10 sakufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zimenezo, ndipo wolandira K1,300 ali kutali kwambiri. Makolo a achinyamata amene tikuwanenawa ndiwo alonda, okonza m'maofesi ndi antchito a m'nyumba, ndipo malipiro a kholo akakwera mwana amakhala m'sukulu m'malo motumizidwa kukagulitsa mapamela, timapaketi tating'ono ta ufa. Kupondereza malipiro a mayi poganiza kuti tikutsegulira mwana wake ntchito ndi kuthira madzi m'dengu. Koma walira mvula walira matope, ndipo amene tikufuna malipiro akwere tiyenera kuvomereza matopewo ndi kuwakonzera ngalande.

Ngalande imene ndikuiona ndi malipiro a wophunzira ntchito, ovomerezeka ndi lamulo, otsikirapo kuposa a wamkulu, koma omangidwa ndi zingwe zolimba. Maiko ena ali nazo njira zotere. Ku Britain a zaka 16 ndi 17 ali ndi mlingo wawo kuyambira mu 2004, ku America lamulo limalola kulipira wosakwana zaka 20 madola 4.25 pa ola m'masiku 90 oyambirira, ndipo ku South Africa kuyambira mu 2014 boma limachepetsera msonkho kampani imene yalemba wachinyamata wa malipiro otsika. Njira ya ku South Africa ili ndi ubwino woti wachinyamata amalandira ndalama zake zonse ndipo boma ndilo limasenza mbali ya mtengo. Ife tili nazo kale ndalama zimene zingayambire ntchito imeneyi. Kuyambira mu 2017 olemba ntchito amapereka 0.5 peresenti ya malipiro onse ku thumba lotukula maluso, tili ndi TEVETA imene imayesa ndi kupereka masatifiketi a ntchito zamanja, ndipo ndalama zachitukuko za madera a aphungu (CDF), zimene zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, zili kale ndi gawo lolipirira achinyamata maphunziro a luso. Chimene chikusoweka ndi kulumikiza ndalama zimenezi ndi shopu ya kalipentala, garaja ya makaniko kapena sitolo, kumene ntchito imaphunziridwa ndi manja.

Ndikudziwa chimene a mabungwe a apantchito adzanene, ndipo sakulakwa. Dziko lino linavutika ndi mabwana amene ankasunga munthu zaka zambiri ngati waganyu pa ntchito yokhazikika, mpaka nyumba ya malamulo inaletsa mchitidwewu mu 2015, ndipo malipiro a wophunzira akhoza kukhala khomo lakumbuyo lobwezeretsera zomwezo. Nkhani ya ku Denmark ija ikuchenjezanso kuti mlingo ukamangidwa pa msinkhu wokha, tsiku lobadwa limasanduka tsiku lochotsedwa ntchito. Choncho mlingowo umangidwe pa nthawi, miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka chimodzi basi pa moyo wa munthu, ndipo ulembedwe pa nambala yake ya NAPSA kuti bwana wachiwiri asamuyambitsenso ngati wophunzira. Pakhale malire a chiwerengero, mwachitsanzo wophunzira mmodzi pa antchito okhazikika anayi kapena asanu alionse, kuti sitolo isadzaze ndi ophunzira okhaokha. Bwana amene wachotsa wantchito wamkulu asaloledwe kutenga wophunzira m'malo mwake. Ntchito ya m'nyumba isalowe m'dongosolo limeneli ngakhale pang'ono, chifukwa kumeneko kulibe luso limene lingayesedwe ndi satifiketi ndipo kulibe maso a anthu.

Ena adzati zonsezi n'zovuta kulondoloza m'dziko limene oyendera zantchito ndi ochepa. N'zoona, koma tiyerekeze ndi zimene zilipo lero. Malipiro otsika a wachinyamata alipo kale mu Lusaka, ndipo ndi otsika kwambiri kuposa mlingo uliwonse umene boma lingaike, kungoti sanalembedwe, alibe nthawi yothera ndipo sasiya umboni.

Mwana wa mlongo wanga anagwira ntchito zaka ziwiri kwa wowotcherera zitsulo wina ku Garden, atalekeza sukulu pa Giredi 9. Ankapatsidwa ndalama ya basi ndi ya nkhomaliro, ndipo geti ikagulidwa ankamuponyera kenakake. Anaphunzira ndithu, moti mafelemu a mawindo amene ali panyumba panga anapanga ndi iyeyo. Chaka chatha kampani ina yomanga inkafuna owotcherera, ndipo anapita. Atabwerako anandiuza kuti, "Amalume, sanandipatse n'komwe chitsulo kuti aone. Anangofunsa satifiketi ndi kalata ya kumene ndinagwirako." Mbuye wake uja sakanalemba kalata yotero, chifukwa kulemba kukanakhala kuvomera kuti kwa zaka ziwiri ankasunga wantchito pa malipiro osaloledwa ndi lamulo. Mnyamatayo anabwerera ku Garden, kumene tsopano akuphunzitsa wina wa zaka 16 kugwira makina odulira zitsulo, pa ndalama ya basi ndi ya nkhomaliro.